Kabati Yadzaza Koma Chovala Palibe: Njira Iti Ingakuthandizeni?

Pali m'mawa wina umene mayi aliyense amaudziwa. Nthawi yatha, mwasamba kale, mwaima kutsogolo kwa kabati imene chitseko chake chinasiya kutsekeka chifukwa chodzaza, koma pakamwa mukuti, "Ndilibe chovala." Simukunama ayi. Siketi ija ilibe bulauzi yoyenderana nayo, diresi lija limafuna nsapato zimene simunagule, buluku lija likudikira tsiku limene mudzaonde. Zovala zilipo, koma sizidziwana. Chilichonse chinabwera chokha, tsiku lakelake, chifukwa chinakoma m'maso. Paja ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Anthu apeza njira zingapo zothetsera vutoli, ndipo iliyonse ili ndi oikonda ake. Sizifanana mphamvu. Ndinene poyamba pomwe kuti ine ndili ndi mbali yanga, ndipo muiona tikamapita.

Mndandanda wa zovala zosatha fasho

Iyi ndiye njira yofala. Mwina munaionapo m'magazini kapena pa intaneti: zovala 10 zimene akuti mkazi aliyense ayenera kukhala nazo. Mayina ake sasintha kwenikweni. Diresi lakuda lopanda zambiri, shati yoyera ya kolala, jinzi, jekete losokedwa bwino, chikhothi cha lamba m'chiuno, sikipa ya mizeremizere, nsapato zafulati ndi zagogoda.

Zovala zimenezi sizinalowe pamndandanda mwangozi. Zambiri zinayamba ngati zovala zogwirira ntchito. Jinzi ya timisomali tamkuwa m'makona a matumba anailembetsa kuboma la America mu 1873 ndi Levi Strauss pamodzi ndi telala wina, Jacob Davis, ndipo cholinga chinali choti matumba a anthu a ntchito zolemetsa asamang'ambike. Sikipa ya mizere yoyera ndi ya buluu inali yunifolomu ya asilikali apamadzi a ku France kuyambira mu 1858. Nsalu ya gabardine anaipanga Thomas Burberry mu 1879 kuti mvula isamalowe koma thupi lizipitidwa mphepo, ndipo chikhothi chosokedwa ndi nsaluyo chinatchuka ndi akuluakulu a asilikali a Britain pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Diresi lakuda nalo lili ndi mbiri yake: mu 1926 magazini ya Vogue inasindikiza chithunzi chojambula pamanja cha diresi la Coco Chanel n'kuliyerekeza ndi galimoto ya Ford, kutanthauza kuti lidzafika kwa akazi amitundu yonse.

Phunziro lake n'lothandiza ndithu. Chimene chimakalamba msanga pa chovala ndi zokometsera: timikanda, timaluwa tomata, manja otukumuka, zilembo za pachifuwa. Chovala chopanda zimenezi chilibe pokalambira.

Koma wolemba mndandanda uja sadziwa sabata yanu. Namwino amene amavala yunifolomu masiku asanu pa sabata, jekete la ku ofesi alivala liti? Mayi wa mwana wa miyezi 8 adzayera nayo mphindi zingati shati yoyera? Nanga wokhala kotentha chaka chonse, chikhothi chachitali n'chachiyani, kupatula kudyetsa njenjete? Ndipo pali chinyengo china chimene mndandanda sunena. Dzina la chovala silitha fasho, koma kadulidwe kake kamatha. Jekete la m'ma 1980 la mapewa oikamo masiponji aakulu ndi jekete ndithu, ndipo jinzi ya kuchiyambi kwa m'ma 2000 yothera m'munsi mwa mchombo ndi jinzi ndithu, koma aliyense akaziona amadziwa zaka zake. Choncho ngati mwatsata mndandanda, sankhani kadulidwe kapakatikati: buluku losathina kwambiri, losakhwepa kwambiri, kolala yosatambalala, siketi yothera chapamawondo kapena kutsikirako pang'ono. Mndandanda ndi wabwino pokumbutsa chimene mwina chikusowa. Kupita nawo kogula ngati lamulo, ayi.

Zovala zochepa zogwirizana zonse

Njira yachiwiri pa Chingelezi amaitcha capsule wardrobe. Amene amatchulidwa kuti anatchukitsa mawuwa ndi Susie Faux, yemwe anali ndi sitolo ya zovala yotchedwa Wardrobe ku London m'ma 1970. Mu 1985 Donna Karan wa ku New York anatulutsa zovala 7 zokha zimene mkazi wapantchito akanatha kumazisinthanitsa kuyambira m'mawa ku ofesi mpaka madzulo kokacheza. Maganizo ake ndi oti chovala chilichonse cham'mwamba chiyenderane ndi chilichonse cham'munsi.

Mphamvu yake ili m'masamu. Mabulauzi 6 ndi zam'munsi 4, kaya masiketi kaya mabuluku, zimakupatsani mavalidwe 24. Mukawonjezapo jekete limodzi ndi juzi imodzi, mavalidwe aliwonse mungawavale patatu, paokha, ndi jekete kapena ndi juzi, ndipo akwana 72. Zovala 12 zokha. Tsono tayerekezani kuti imodzi mwa masiketi aja ndi yamaluwa owala, yoyenderana ndi bulauzi imodzi basi. Siketi imeneyo ikukupatsani kavalidwe kamodzi pamene inzake ikukupatsani 6, chikhalirecho malo m'kabati zikudya mofanana. Makabati ambiri odzaza aja ali ndi masiketi otere okhaokha.

Alipo amene anaikhwimitsa njirayi poika nambala. Mu 2010 Courtney Carver wa ku America anayambitsa Project 333: zinthu 33 kwa miyezi itatu, kuwerengera limodzi nsapato, chikwama ndi zodzikongoletsera, koma osawerengera zovala zam'kati, zogonera ndi zochitira masewera olimbitsa thupi. Zotsalazo simutaya, mumangoziika m'katoni n'kuzibisa. Mbali imeneyi ndimaikonda, chifukwa siidya ndalama. Miyezi itatu ikatha mumadziwa zimene munazisowa ndi zimene munaiwala n'komwe kuti zilipo.

Vuto limene okonda njirayi sakonda kulitchula ndi kuchapa. Ngati muli ndi mabulauzi 6 ndipo mumasintha tsiku lililonse, iliyonse idzavalidwa ndi kuchapidwa maulendo pafupifupi 60 pa chaka. Nsalu yopepera siingafike. Idzasuluka, kolala idzapindika, m'khwapa mudzasintha mtundu. Ndiye kuti zovala zochepa zimafuna nsalu yolimba, apo ayi mudzakhala mukugula zomwezo miyezi ingapo iliyonse. Njirayi imavutanso thupi likamasintha, monga pa nthawi yoyembekezera kapena yoyamwitsa, chifukwa buluku limodzi likasiya kukwana, mavalidwe 18 apita nalo limodzi. Komanso samalani ndi amalonda. Anaiona njirayi kuti yakondedwa, ndipo tsopano amakugulitsani "zovala zochepa" zatsopano nyengo iliyonse. Kutaya zodzaza kabati n'kugula zina 33 si kuchepetsa ayi.

Yunifolomu yanuyanu

Apa ndiye pali mtima wanga. M'malo mowerenga zovala, mumapeza kavalidwe kamodzi kapena kawiri kamene kamakukhalani, n'kumakabwereza mosintha mitundu ndi nsalu. Angela Merkel anatsogolera dziko la Germany zaka 16, kuyambira mu 2005 mpaka mu 2021, ndipo pafupifupi nthawi yonseyo ankavala jekete la kadulidwe kofanana ndi buluku, kawirikawiri lakuda. Chimene chinkasintha ndi mtundu wa jekete: lero lofiira, mawa lobiriwira, mkuja la buluu. Anthu ena ankaseka, koma zithunzi zake za zaka zoyamba ndi za zaka zomaliza sizisiyana kwenikweni pa nkhani ya zovala. Kusatha fasho kwenikweni n'kumeneko.

Ubwino wake ndi woti yunifolomu yanu muli nayo kale, kungoti simunaizindikire. Musaifufuze m'kabati, chifukwa m'kabati mumakhala zimene mumalakalaka mutamavala. Kaifufuzeni pachingwe choyanikira. Zimene mumachapa sabata ndi sabata ndi zimene thupi lanu linasankha lokha. Tengani zovala zisanu zimene zimachapidwa kwambiri, muziyale pabedi, muone chimene zikufanana. Mwina zonse zili ndi khosi lotseguka ngati chilembo cha V. Mwina zonse zimagwira m'chiuno n'kumasuka m'munsi. Mwina zonse zili ndi matumba (ndipo amene anaganiza zoti zovala za akazi zizikhala ndi matumba abodza, osokerera pakamwa, tidzakambirana naye tsiku lina). Mwinanso palibe n'chimodzi chomwe chimene chimafuna kusita, ndipo ngati zili choncho vomerezani kuti simukonda kusita, musiye kugula zofuna simbi.

Kwa wina yunifolomu ndi siketi yowongoka ndi bulauzi yopisira. Kwa wina ndi buluku lomasuka ndi shati yotulutsa kunja. Kwa mayi amene thupi lake limakwera ndi kutsika, diresi lokulunga n'kumanga pambali ndi bwenzi lenileni. Diane von Furstenberg analitchukitsa mu 1974, ndipo likadalipo chifukwa lilibe zipi kapena mabatani okuuzani kuti mwanenepa: mumangomanga chingwe pamene chafika lero.

Mukaidziwa yunifolomu yanu, kugula kumaphweka. Chovala chokongola chimene sichilowa m'kavalidwe kanu mumachiyamikira n'kuchisiya pomwepo, ngati mwana wa mnzanu amene mwamunyamula pang'ono n'kumubweza kwa amake. Mukapeza buluku lokukhalani bwino, kugula awiri si uchitsiru, chifukwa chaka chamawa mwina sadzalipanganso.

Chimene chimabweza anthu m'mbuyo ndi mantha oti anzawo aziti alibe zovala. Kunena zoona, anthu amakumbukira mtundu wowala ndi maluwa a nsalu, osati kadulidwe. Diresi la maluwa akuluakulu mukalivala kawiri pa sabata, aliyense adziwa. Siketi yakuda mukaivala kanayi ndi mabulauzi osiyana, palibe amene awerenge. Mpango, ndolo, lamba ndi nsapato zimamaliza ntchito yotsalayo. Pamene yunifolomu imalephera ndi pa zochitika zapadera. Pamenepo mufunika chovala chimodzi kapena ziwiri zakunja kwa yunifolomu, ndipo ndi bwino zikhale za mtundu umodzi wopanda maluwa kuti muzitha kuzisintha maonekedwe ndi zodzikongoletsera.

Za mitundu, mwachidule

M'ma 1980 kunatchuka njira yogawa akazi m'magulu anayi otchulidwa mayina a nyengo za pachaka, malinga ndi khungu, maso ndi tsitsi, ndipo masiku ano yabwereranso pa intaneti. Ena yawathandiza. Koma poyamba paja akazi a khungu lakuda ankangounjikidwa pafupifupi onse m'gulu limodzi, ngati kuti khungu lakuda n'lamtundu umodzi. Simufunika kulipira munthu kuti akuuzeni mitundu yokukhalani. Imani pawindo masana, ikani nsalu pansi pa chibwano, muone ngati nkhope ikuwala kapena ikuoneka yotopa. Kenako sankhani mitundu iwiri yodekha ya zam'munsi, majekete ndi nsapato, monga wakuda, wotuwa, bulawuni, khaki kapena buluu woderako, ndi mitundu iwiri kapena itatu yowala ya pafupi ndi nkhope. Dziwaninso kuti chakuda chimasuluka msanga padzuwa, ndipo zakuda ziwiri zosuluka mosiyana zikavalidwa pamodzi zimaoneka zakutha. Muzichapa ndi kuyanika chotembenuza, pamthunzi.

Nanga zovalazo zichokere kuti?

Njira iliyonse mwa izi imafika pa funso la ndalama, ndipo apa pali misewu inayi: zatsopano zotchipa, zatsopano zodula, za kaunjika, ndi zosoketsa kwa telala.

Muyeso wabwino si mtengo wa tsiku logula, koma mtengowo mukaugawa ndi maulendo amene mudzavale chovalacho. Jekete lodula katatu kuposa linzake, koma lovalidwa maulendo 150 pamene linzakelo latha pa maulendo 10, ndiye kuti ulendo uliwonse lakudyerani gawo limodzi mwa magawo asanu a zimene lotchipa lija lakudyerani. Koma masamu amenewa amagwira ntchito pokhapokha mukalivaladi. Diresi lodula lovalidwa kamodzi ndi lodula basi.

Zatsopano zotchipa zili ndi malo ake. Sikipa yoyera idzathimbirira ndithu kaya munaigula motani, ndiye palibe chifukwa choitayira ndalama zambiri. Koma kutchipa kwinako kuli ndi amene amakulipirira. Pa 24 April 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh, mmene munali mafakitale osoka zovala zogulitsa kunja, inagwa n'kupha anthu oposa 1,100, ambiri mwa iwo akazi osoka. Ndikaona chovala cha mtengo wosakwana n'komwe nsalu yake, ndimakumbukira zimenezo.

Zodula nazo sizitsimikizira kanthu. Nthawi zambiri mumalipira dzina, nsalu ili poliyesita yomweyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene chingakutetezeni ndi kutembenuza chovala n'kuona m'kati. Kokani msoko pang'ono: ngati pakuoneka mipata pakati pa ulusi, sichikhalitsa. Onani ngati anasiyako nsalu yokwanira m'misoko ndi kumpendero, yoti telala angafutukule. Onani ngati mizere ya nsalu ikukumana pamsoko, ngati mabowo a mabatani ndi osokedwa mothinana, ngati zipi ikuyenda osakodwa. Fumbatani nsaluyo m'manja kwa kanthawi n'kuitaya: mmene yachitira makwinya ndi mmene idzachitire mukakhala pampando.

Kenako werengani kachikwangwani kam'kati. Thonje limamwa thukuta ndipo limapirira kuchapa, ngakhale limatha kufupika pochapa koyamba. Nsalu ya linen, yochokera ku chomera cha fulakesi, ndi yozizira bwino komanso yolimba kwambiri, koma makwinya ndi chibadwa chake, ndipo ngati mumadana nawo isiyeni. Ubweya wa nkhosa umatha kumwa chinyontho chofika pafupifupi 30 peresenti ya kulemera kwake osamveka kunyowa, sugwira fungo msanga, ndipo jekete laubweya limangofuna kupachikidwa pamphepo m'malo mochapidwa kawirikawiri, koma madzi otentha amalifupikitsa ndipo njenjete zimalikonda. Nsalu ya viscose, yopangidwa kuchokera ku mitengo, imagwa bwino pathupi ndipo ndi yofewa, koma ikanyowa imafooka, choncho musaifinye mwamphamvu. Poliyesita, imene akatswiri awiri a ku Britain anailembetsa mu 1941, siichita makwinya, imauma msanga, siisuluka wamba, koma siimwa thukuta ndipo imasunga fungo. Pa siketi kapena chikhothi ilibe vuto lalikulu. Pa bulauzi yothina m'khwapa tsiku lotentha, mudzanong'oneza bondo. Ulusi wotamuka wa elastane ukakhala wochepa, 2 peresenti kapena pamenepo, umathandiza jinzi kukhala yomasuka, koma ukachuluka mawondo amatukumuka msanga, ndipo kutentha kwa simbi kumaupha.

Kaunjika ndi mayeso amene chovala chakhoza kale. Ngati chavalidwa ndi kuchapidwa ndi munthu wina koma chikadali chowongoka, ndiye kuti nsalu yake ndi yeniyeni. Majekete aubweya, mabulauzi a silika ndi malamba achikopa amapezeka kumeneko pa mtengo umene watsopano wake simungaufike. Msampha wake ndi kutchipa komweko: mumatola zinthu zisanu chifukwa n'zotchipa, zosayenderana ndi kanthu kunyumba, ndipo kabati ija yadzazanso. Pitani mukudziwa chimene mukufuna, ndipo yang'anani m'khwapa, m'kolala, pakati pa miyendo ndi pazipi musanalipire.

Telala ndiye amene anthu amamuiwala poyerekeza njirazi, pamene ndi iye amene amasandutsa chovala wamba kukhala chooneka chodula. Zovala za m'sitolo amazidula poyerekeza thupi la munthu amene kulibe, ndipo manambala a saizi amasiyana kampani ndi kampani. Ngati buluku likukwana m'ntchafu koma likusiya mpata kumsana, vuto si thupi lanu. Gulani chokwana pamalo otambalala kwambiri a thupi lanu, kwinako telala abweze. Kufupikitsa mpendero, kubweza m'chiuno ndi kuchepetsa manja ndi ntchito zosavuta. Mapewa a jekete ndiye ovuta, chifukwa pamafunika kuphwasula manja ndi nsalu yam'kati, choncho jekete losakwana m'mapewa lisiyeni ngakhale litakoma bwanji. Ndipo ngati mwapeza yunifolomu yanu, telala ndi mnzake weniweni wa njira imeneyo: mutengereni diresi limene limakukhalani kuti atengere pomwepo, osati chithunzi cha pafoni cha munthu wa thupi lina. Yambani ndi chimodzi. Akachikhoza, ndiye mumupatse nsalu yodula.

Ndiye musankhe iti?

Mtsikana amene akuyamba kumene ntchito, kabati ili mbee, angapindule ndi njira ya zovala zochepa zogwirizana, ataonako mndandanda uja kuti asaiwale jekete ndi nsapato zoyenda nazo tsiku lonse. Mayi amene kabati yake ikusefukira asagule kanthu kaye, ayese miyezi itatu ya zinthu 33, kapena 40 ngati 33 ikumuthina, chifukwa nambalayo si lamulo la boma. Amene ali ndi zochita zambiri ndipo watopa ndi kuganiza m'mawa uliwonse, apite ku yunifolomu. Ine ndimaziphatikiza motere: miyezi itatu ija ndimaiona ngati kafukufuku, yunifolomu ngati zotsatira zake, telala ngati womalizitsa.

Musanasankhe, lembani papepala mmene masiku 14 apitawa anayendera: angati munali kuntchito, angati pakhomo, angati kokacheza kapena ku mwambo wofuna kutchena. Ngati masiku 10 anali a kuntchito koma theka la kabati ndi madiresi a kuphwando, mwaona kale kumene ndalama zakhala zikulowera. Kenako tembenuzani mahang'ala onse kuti ngowe zake ziloze kwa inu. Chovala chilichonse chimene mwavala, pochibwezera muzikoleka hang'ala yake mmene mumakolekera masiku onse. Pakatha miyezi itatu tsegulani kabati muwerenge amene akadali chotembenuka, mupatule zovala za nyengo ina ndi za zochitika zapadera, ndipo zotsalazo muziyese pagalasi chimodzichimodzi: chopita kwa telala mulu wake, chopatsa ena mulu wake.